Munda wa Yohane m'thanki yagalasi

Fungo la ayodini likandipeza, ngakhale ndili kuchipatala, limandibweza ku South B, dera la mumzinda wa kudziko la eni kumene ndinakulira, m'nyumba yogundizana ndi yathu, momwe pampu inkalira tsiku lonse ndipo madzi amchere ankasiya zoyera m'mphepete mwa galasi. Ndimawaona agogo aNachisale atagwada pa chitenje kutsogolo kwa thanki yaitali ngati bedi, mphuno itatsala pang'ono kugunda galasi, akung'ung'udza nyimbo yakumpingo.

Sanali agogo anga enieni. Anachokera ku Ntcheu kudzadwazika mwana wawo, ankolo Yohane, omwe ankagwira ntchito m'bungwe limodzi ndi bambo anga. Ankolo atamwalira, agogo anakaika maliro kumudzi n'kubweranso ndi mpongozi wawo, anti Esnart, amene anali ndi khanda.

Thankiyo inali ya ankolo. Munali tinsomba tingapo, koma iwo ankanyadira makorali, zamoyo za m'nyanja yamchere zooneka ngati miyala koma zimakula. Panali korali mmodzi wofiira ngati katondo, woyala ngati masamba a kabichi, amene anamulera kuyambira ali kachidutswa. Ankolo ali moyo, agogo ankati imeneyo ndi misala ya anthu ophunzira, kuweta miyala ndi nsomba zosadyedwa. Atabwerako kumaliro anayamba kuitchula kuti munda wa Yohane, ndipo magetsi akazima ankakhala pamenepo kuvundula madziwo ndi kapu mpaka mkono kuwawa.

Kenako korali wofiira uja anayamba kutuwa m'mbali. Anti ankati mwina ndi kutentha, koma agogo anandiitana pa mpanda.

"Tamanda iwe, maso angawa anatha. Tasuzumira kunsiku. Chinthuchi chikudyedwa."

Ndinatenga galasi lokuzira zinthu la ankolo. Kunsi kwa koraliyo, pamalire pa pofiira ndi poyera, kunali tinkhono topanda zigoba, toyera, tamanyenje, tochepa kuposa njere ya mpunga. Pambali pake panali timazira tomamatira. Ndinawauza agogo zimene ndinaona. Anapita kukhonde, natapa phulusa m'mbaula, nabwera nalo kumanja. Anti anawagwira dzanja lili pamwamba penipeni pa madzi.

"Amayi, chonde! Mupha zonse, ndi nsomba zomwe!"

"Nanga kapuchi akalowa m'chimanga sitithira phulusa?" anatero agogo. Anakwiya tsiku lonse, ndipo phulusalo anakathira pa mpiru wa mayi anga osapempha n'komwe.

Loweruka ine ndi agogo tinakwera matatu, minibasi ya kumeneko, kupita ku sitolo ya nsomba zoweta. Chiswahili cha agogo chinali cha mawu awiri, "sawa" ndi "ngapi", kutanthauza "chabwino" ndi "zingati", choncho wolankhula ndinali ine. Mwini sitoloyo anapukusa mutu. "Pole, mama, hao wadudu ni wabaya," anatero, kutanthauza kuti tizilomboto n'toopsa. Anatipatsa kabotolo ka ayodini wa makorali, natiuza kuti tizitunga madzi a m'thanki m'beseni, kudonthezamo mankhwalawo, kuviika koraliyo pang'ono n'kumugwedeza. Mazira okha safa ndi mankhwala, amafunika kupala.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse tinkapalira munda wa Yohane. Tinkhono tinkagwera pansi pa beseni titapindika, agogo akutitukwana kamodzikamodzi ngati mbuzi za mnansi. Ine ndinkaloza mazira, iwo n'kumapala ndi mswachi wakale. Koma timazira tina tinkabisala m'ming'alu momwe mswachi sunkafika, ndipo poyera pankangokulirakulira.

Tsiku lina agogo anabwereka pulayala ya bambo. Anathyola kachidutswa kapamwamba, kofiira bwinobwino, nandiuza kuti ndikayang'ane mbali zonse mpaka maso anachita misozi. Panalibe dzira. Anakaviika m'mankhwala, nakaika m'kathanki kakang'ono kamene ankolo ankasungiramo nsomba zatsopano, ndipo tinakanyamulira kwathu, pampu ndi nyali yake zili m'thumba. Mayi anayamba kukana, ati ife zimenezi sitizidziwa.

"Mayi a Tamanda, kwathu mbatata ikagwidwa matenda, mbewu yabwino timakadzala kwa anzathu," anatero agogo. "Kwanga kukatha, ndidzabwera kudzapempha."

Kwawoko kunathadi. Korali wamkulu uja anayera yense ngati fupa. Agogo anamutulutsa, namutsuka pa mpopi, namuyanika pakhonde, ndipo ndinawapeza atakhala pambali pake akulira mosabisa, kulira kumene sindinawaone nako ngakhale tsiku limene ankolo anamwalira. Anti atasiya kuyamwitsa, agogo anabwerera ku Ntcheu, fupa lija atalikulunga m'chitenje pakati pa zovala zawo. Potsanzikana anandigwira chibwano. "Usamale mbewu yanga. Uziyang'ana kunsi, osati pamwamba pokha."

Sanabwerenso. Uthenga wa maliro awo unatipeza ndili ku sekondale.

Lero ndimakhala ku Buruburu, dera lina la mumzinda womwewo, ndipo kachidutswa kaja ndakathyola n'kukadzalanso kambirimbiri, moti tsopano kadzadza theka la thanki yanga. Loweruka lililonse ndimagwada n'kusuzumira kunsi. Anzanga amandipempha tizidutswa ndipo ndimawapatsa, koma kofiiritsitsa, kapamwamba, sindipatsa munthu. Ana anga amandiseka kuti ndine woumira. Ine ndimawasowa agogo aja, ndipo mbewuyi si yanga, mwini wake sanabwere kudzapempha.