Pamwamba pa Thanki ndi Apongozi Anga

Mukhoza kuseka, koma izi sindikupeka ayi, nanga munthu angapeke bwanji nkhani yomuvula yekha? Zinandichitikira ku Chiromo, masiku amene sitima zapamadzi zinkabwera kudzatenga thonje, ine ndili mkamwini watsopano.

Ndinkaponda matope kwa mmisiri wina wachisena amene ankamanga thanki ya madzi, yotseka pamwamba, kuseri kwa nyumba yosungiramo thonje. Simenti inkabwera m'migolo, ndipo mkuluyo sankalola kuti tiisakanize ndi mchenga wokha, ankatidulitsa khonje tizidutswatizidutswa n'kuthiramo, ati simenti yopanda ulusi ili ngati mbiya, ikang'aluka yatha. Ife tinkamuseka kumbali kuti akuphika ndiwo.

Chaka chotsatira mtsinje wa Ruo unasefukira dzuwa lili paliwombo. Madzi anandipeza panjira n'kundigubuduza, ndipo pamene ndinakakamira thanki ija n'kukwera pamwamba, nsalu yanga inali itapita. Ndiye mukuti ndinapezapo ndani? Apongozi anga aakazi, amene mwamwambo ndinkawapatukira kutchire tikakumana, amene ndinali ndisanawayang'anepo kumaso.

Malowo anali ngati mphasa imodzi. Tinafulatirana. Kenaka chimtengo chinagunda thanki, mng'alu n'kutseguka pakati pathu, woti chala kulowa. Ndinaona timaulusi ta khonje titakokeka mumng'alumo, tikugwira mbali ziwirizo, kwinaku ng'ona ikuzungulira m'munsi. Ndinene zoona, manyazi anaposa mantha, moti ndinayamba kusendera kumphepete kuti ndingodziponya m'madzi.

Apongoziwo, osacheuka n'komwe, anang'amba nsalu yawo n'kundiponyera chakumbuyo, nanena motsitsa kuti mwana wawo sanakwatiwe kuti akhale namfedwa, ndikhale pansi. Amenewa ndiwo anali mawu oyamba kundilankhula.

Bwato linatipeza chakumadzulo, thanki itang'aluka ponseponse koma isanagwe, pamene khoma la nyumba ya thonje, lopanda khonje, linali litapita kalekale. Mpaka kumwalira kwawo mayiwo sanauzepo munthu, ndipo ine ndinapitiriza kuwapatukira, tsopano ndikulowa kutchire kwenikweni kuposa kale.

Lero ndimakhulupirira kuti ulusi suletsa simenti kung'aluka, umangoiletsa kulekana, ndipo tsiku la madzi zimenezo n'zokwanira. Mukamamanga kuchigwa kuno musaumire khonje. Koma manyazi musamawamvere kwambiri, abale anga. Ine anatsala pang'ono kundipereka kwa ng'ona, thanki ili chiimire.