Chiwongolero Chokhala ndi Hutala

Bambo anga ndi a Uledi, koma ku Matawale kuno aliyense amawatchula kuti adalaivala, ngakhale patha zaka ziwiri osagwira galimoto. Anayendetsa minibasi pakati pa Zomba ndi Limbe kuyambira ine ndisanabadwe. Tsiku lina mwana wasukulu anathamangira pamsewu. Bambo anakanikiza hutala koma sinalire, ndipo mwanayo anamwalira asanafike kuchipatala. Khoti linati bambo alibe mlandu. Iwo anakabweza makiyi kwa mwini minibasi n'kubwera kudzakhala pampando pakhonde.

Ine Rejoice, chimalizireni Fomu 4 ndimakhala pakhomo tsiku lonse, ndiye ndawaona bwino. Sankamwa mowa, sankadwala, sankakalipa. Ankangoyang'ana phiri. Mukawapatsa tiyi ankamwa, mukaiwala sankafunsa. Anthu odutsa ankawapatsa moni osadikira yankho. Ndalemba izi kuti wina awerenge, adziwe kuti pampando paja panali munthu.

Amalume anga a Medson ali ndi boti laling'ono la injini ku Kachulu, panyanja ya Chilwa, lonyamula anthu ndi matumba kupita ku Chisi. Woyendetsa wawo atapita ku Joni, amayi anawachonderera kuti ayese alamu awo. Amalume anavomera, koma anati botilo silingakhale pamtunda kupitirira Lolemba. Bambo akalephera, alemba wina.

Bambo atayesa koyamba analephera. Injini ya boti amaiwongolera ndi chogwirira, ndipo ukachikankhira kumanzere boti limapita kumanja. Manja a bambo anakana zimenezo. Analowetsa boti m'bango katatu, asodzi akuseka. Atatsika anangonena kuti akufuna chiwongolero. Wowotcherera zitsulo wa padoko anati akhoza kuchilumikiza ku injini ndi mawaya, bola abweretse okha. Amalume akuti sanatsutse, chifukwa kanali koyamba pa zaka ziwiri kumva alamu awo akufuna kanthu.

Kokagula sindinapite nawo, izi ndamva kwa amalume. Anapita kwa a Mwanaidi, mayi wogulitsa zitsulo za magalimoto akufa kuseri kwa depoti ya ku Zomba. Mayiwo anayala ziwongolero zinayi pansi, kenako anatulutsa china chaching'ono chonyezimira chimene anati chinachokera pa boti lenileni ku Mangochi. Amalume anachikonda pomwepo, poti madzi a Chilwa ndi amchere ndipo amadya chitsulo. Bambo anachitembenuza, n'kuyang'ana pakati pake, n'kuchiika pansi.

“Hutala ili pati?” anafunsa.

“Adalaivala, panyanja muimbira ndani?” anatero a Mwanaidi akuseka. “Matemba?”

Amalume anawatsinzinira diso kuti asiye, koma mayiwo sankadziwa nkhani ya mwana uja. Anapitiriza kuti mwina achule a ku Chilwa ayamba kuwoloka osayang'ana. Bambo sanaseke, sanakwiyenso. Anatola chiwongolero chakale cha minibasi, chakuda, chong'ambika m'mbali. Anakanikiza pakati pake ndi chikhatho. Sichinalire, poti sichinalumikizidwe ku chilichonse. Anakanikizanso. Akuti anaima choncho nthawi yaitali mpaka a Mwanaidi anasiya kuseka okha.

“Alamu, chimenecho chichita dzimbiri mvula isanagwe,” anatero amalume.

“Chichite.”

Anatenga chimenecho, pamodzi ndi hutala yakale ndi kabatire ka njinga yamoto. Lachisanu m'mawa bambo anakwera matola ya ku Kachulu, atakhala kumbuyo kwenikweni, chiwongolero chili pamiyendo.

Lolemba lija linadutsa ndipo amalume sanalembe wina. Patha milungu itatu tsopano. Amalume akuti boti likuyenda mowongoka, kungoti pang'onopang'ono kwambiri, ndipo bambo amaimbira hutala bwato lililonse ngakhale lili kutali, nthawi zina bango lokha. Okwera ena amadandaula, ena ayamba kufunsa kuti la hutala lija linyamuka nthawi yanji. Mpando uja amayi anaulowetsa m'nyumba.

Dzulo masana amayi anawaimbira foni bambo ine ndili pomwepo. Anawafunsa ngati akudya, bambo anati eya. Anawafunsa za udzudzu, anati ulipo. Kenako anawafunsa mmene ntchito ikuyendera.

“Madzi alibe mabuleki, make Rejoice,” anatero bambo.

Amayi anadikira kuti apitirize. Mayunitsi anatha akudikirabe.