Tsiku Limene Ndinawaveka Mkanjo Abambo

Kunyumba yosamalira okalamba kumene ndinkagwira ntchito ku Girrawheen, kutsidya kwa nyanja, tinali ndi gogo wina, wansembe wochokera kumayiko a Aluya. Mutu unali utayamba kuwasokonekera. Ine Mkatolika wa ku Dedza ndinkangowatcha abambo, ngakhale kuti ansembe a mpingo wawowo amakwatira ndipo iwo anali ndi mwana wamkazi.

Chinkandinyansa n'chakuti anzanga ankawaveka buluku lotuwa ndi juzi, mkanjo wawo wakuda uli m'kabati pamodzi ndi mtanda wasiliva. Kwathu wansembe amadziwikira patali.

Lamlungu lina mwana wawo uja anati abwera kudzawatenga kuti apite nawo kutchalitchi. Sindinafunse munthu, paja safunsa anadya phula. Ndinasita mkanjo uja n'kuwaveka, mtanda n'kuuika pamwamba kuti uoneke. M'chipindamo anamwetulira, mpaka anandidalitsa pamutu.

Titangotuluka panja, dzuwa likuswa mtengo, anaona msewu. Anagwira mawilo a njinga yawo ya olumala ndi manja onse, n'kuyamba kukuwa m'chinenero chawo. Anakoka mtanda mpaka kaunyolo kake kanawacheka pakhosi. Mabatani anathothoka. Mkanjo anauvula pomwepo, poimika magalimoto, n'kuukankhira kumsana, n'kutsala ndi vesiti ndi thewera. Mwana wawo anatipeza choncho.

Sanandikalipire, bola akanatero. Anawafunditsa jekete, kenako anandiuza motsitsa mawu kuti m'tauni yawo olamulira achisilamu sankalola wansembe kuoneka pamsewu atavala mkanjo kapena mtanda. Ankaunyamula m'chikwama n'kukavalira mkati mwa tchalitchi. Wansembe mnzawo anaiwala kuvula tsiku lina, ndipo sanafike kunyumba.

"Buluku lija ndinawasankhira ndine, achemwali," anatero.

Ndinachita manyazi, ndinapsanso mtima osadziwa woti ndimupsere. Amalume anga ndi Msilamu, ndipo pamaliro akwathu amakhala mphasa imodzi ndi ansembe. Mantha oterowo ndinali ndisanawaonepo.

Abambo aja kutchalitchi sanapite tsikulo. Anakhalabe ndi moyo miyezi ingapo. Dzina la mwana wawo analiiwala, mapemphero anayamba kuwadukira panjira, koma nkhope yanga sanaiiwale. Ndikangolowa ndi madzi oti ndiwasambitse, ankaphimba pachifuwa ndi manja onse awiri n'kutembenukira kukhoma.