Bujau ya Lole ya ku Dedza

Palibe chinthu chimene chinandikanapo ine ndikatsegula pakamwa. Njinga yopanda mabuleki ndinaigulitsa kwa munthu wokhala pamwamba pa phiri, iye n'kuthokoza. Ndiye nditamva kuti Mpwitikizi wina wa ofisina yokonza magalimoto ku Vila Coutinho akufuna wantchito, ndinakamuuza kuti ndinakulira pansi pa malole. Sindinaname. Ndinkabisalako mvula ku Kalomwe.

Ntchitoyo ndinkaifunadi. Masiku amenewo mwamuna wongoyendayenda asipayi, apolisi a boma la Apwitikizi, ankamutola kuti akakumbe msewu.

Patarau, mwini ofisinayo, anandiika posintha oliyo. Umalowa chagada pansi pa galimoto, n'kutchera beseni, n'kumasula bujau, kachitsulo kotseka potulukira oliyo wakale. Wakudayo akatha, umamanganso n'kuthira watsopano. Magalimoto a Apwitikizi ankandimvera onse.

M'mawa wina panaima lole ya ku Dedza yodzaza mbatatesi. Dalaivala wake, a Mbewe, ananjuta n'kusuzumira.

"Achimwene, sipanala yanuyo ikugwedera."

"Kuno timati shave, bambo, ndipo sigwedera."

Ndinakoka, bujau osasuntha. Ndinalowetsa paipi kumchira kwa shave kuti mphamvu ichuluke, n'kukoka ndi thupi lonse. Shave inaterereka, makona onse a bujau n'kudyeka, mutu wake n'kusalala ngati batani. Lole ija inali ya Angelezi, zitsulo zake za mainchi, pamene mashave athu anali a milimita. Ndani akanandiuza kuti malire amafika mpaka pansi pa injini?

Patarau anayang'ana kamodzi. "Dzuwa likafika pamutu isanatuluke, rua."

Rua ndi msewu. Iye ankanena wotulukira pa ofisina, koma ine ndinamva uja wa piki ndi fosholo.

"Ituluka, patarau. Bujauyi sinamve bwino mtengo wanga."

Ndinauza a Mbewe alize injini kuti chitsulo chitenthe. Atazimitsa ndinatenga tchizulo, n'kutema kamphako m'mphepete mwa bujau, n'kupendeketsa tchizuloyo kuloza komasulira, n'kumamenya ndi hamala pang'onopang'ono. Bujauyo ndinkaikambirira ngati kuti ndi mayi wokakamira mtengo wa nyemba: tsikani pang'ono, mayi, tonse tili ndi ana. Inalira kuti kwee, n'kugonja. Koma beseni ndinali nditalikankhira kutali ndi mwendo. Oliyo wotentha anatsikira m'dzanja mpaka m'khwapa. Sindinakuwe, patarau anali pafupi.

Bujau ina ya mainchi panalibe Vila yonse. Ndinaipana yomweyo, n'kuipala ndi tupa mbali zonse mpaka shave yathu inagwira bwino.

"Mwaitani?" anafunsa a Mbewe.

"Ndaipatsa mapepala. Tsopano ndi asimiladu, Mpwitikizi wochita kulembetsa."

"Nanga ku Dedza aimasula ndi chiyani?"

"Muzibwera kuno, bambo. Njira mwaidziwa."

Ankabweradi, akutukwana chamumtima, ndipo patarau sanatchulenso rua. Koma lole ija ikangoima, wina aliyense ankapeza chochita, wolowa pansi n'kukhala ine. Bujau yopalapala ija inkavuta ulendo uliwonse. Kuyambira pamenepo galimoto ndimayamba ndaifunsa kwawo ndisanaigwire.

Piki ya boma sindinaigwirepo. Chipsera chili m'khwapamu, ndipo kachitsulo kaja kanandigoneka chagada mpaka Apwitikizi ananyamuka. Inu amene mumadziwa malonda, pakati pa ine ndi bujau ija anadyera mnzake ndani?