Amayi Anastazia Anaondetsa Amuna Awo

Kumudzi kwawo, m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni, amayi Anastazia ankadziwika ndi zinthu ziwiri: kudziwa zitsamba ndi kusagwedezeka ndi zonena za anthu. Mu 1996 zonsezi zinafunika.

Amuna awo, a Gerevazio, malonda a mbatata ya kachewere anali atawayanja pa Linthipe, ndipo thupi linabwera lokha mpaka mabatani a malaya kumathothoka. Anthu ankati mkazi wosamala mwamuna ndi ameneyu. Koma bambowo anayamba ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi, ndipo chilonda cha kuphazi chinakana kupola. Kuchipatala anati ndi matenda a shuga. Amwe mapiritsi ndipo achepetse thupi, apo ayi mwendo udzadulidwa.

Amayi Anastazia sanataye mapiritsiwo monga ankachitira ena. Anangowonjezerapo zomwe ankadziwa. M'mawa uliwonse ankawiritsa masamba a nimu ndi a gwafa, madzi owawa oti ngakhale mbuzi ikanalavula, n'kuwapatsa amuna awo, n'kuimirira pomwepo mpaka kapu ithe. Shuga anabisa, mandasi analetsa, ndiwo zinakhala chisoso ndi luni zopanda mafuta.

A Gerevazio anayamba kuonda. Apa ndiye panagona vuto, chifukwa zaka zimenezo munthu akaonda anthu ankangoti ndi Edzi basi. Amayi Anastazia akafika pachitsime, anzawo ankangoti zii. Kutchalitchi ena anasiya kuwapatsa dzanja. Zinawapweteka kwambiri, ndipo ankalirira kunkhuni komwe kunalibe wowaona.

Kenaka kunabwera a Kristina, mlongo wawo wa a Gerevazio, atasenza mafuta ophikira ndi shuga, ati munthuyo anenepenso banja lisachite manyazi. A Gerevazio nawonso, potopa ndi manong'onong'o, anapempha akazi awo kuti angowasiya adye.

Amayi Anastazia sanakangane nawo. Anamasula bandeji ya kuphazi kwa amuna awo pamaso pa onse awiri, ndipo chilonda chinali chitayamba kuuma. Kaya anali masamba aja, kaya mapiritsi, kaya kuondako, palibe ankadziwa.

"Alamu," anatero, "manyaziwa ndisenza ndine, ndawazolowera. Koma mukawanenepetsa, mudzabwere muziwabereka nokha akawadula mwendo."

A Kristina anabwerera ndi katundu wawo. Mphekesera sizinathe msanga, ndipo mpaka lero palibe anabwera kudzapepesa. A Gerevazio anakhalabe ndi moyo zaka zambiri, owonda ngati bango, akupita kumsika ndi miyendo yawo yonse iwiri.