Petulo wa Boti mu Kathirakitala Kanga

Ndinayamba kuyendetsa kathirakitala kotchetchera kapinga msana utandithera kale. Zaka zambiri ndinkagwetsa udzu ndi chikwakwa pa loji ina ya ku Senga Bay, mpaka tsiku lina ndinawerama n'kulephera kuwongoka. Mwini lojiyo anali mayi wina wa kwathu konkuno, koma ankagwira ntchito kunja ndipo ankangobwera pa Khirisimasi. Anandimvera chisoni. Atagula kathirakitalako, kiyi anapatsa ine. Kunena mosapsatira, ndi makina amenewo amene anandisunga pa ntchito. Popanda iwo, munthu wa msana ngati wangawu analibe chochita pa bwalo lalikulu ngati lija.

Tsono ndinkakasamala kuposa mmene ndinkadzisamalira ndekha. Kunyanja kuno mchenga umalowa paliponse, ndi m'mano momwe, ndiye Lolemba lililonse ndinkachotsa sefa ya mpweya n'kuikuntha. Mipeni iwiri ya pansi ndinkainola ndi tupa. Mabawuti ndinkawapaka girisi kuti dzimbiri lisawadye. Ntchito yonyansa inali yopala kunsi kumene mipeni imazungulira. Udzu wauwisi umamatirira mmenemo pamodzi ndi ndowe za mbuzi zolowera pa mpanda, nthawi zina ndi achule oduka pakati. Zikagona masiku atatu zimawira n'kununkha moti masana chakudya chinkandikanika kukhosi. Komabe ndinkapala, ndipo sindinkadandaulira munthu.

Injini yake inali ndi mphika wa oyilo pansi. Petulo inkamwa payekha, wosasakaniza ndi chilichonse. M'mawa uliwonse ndisanailize ndinkasolola kachitsulo koyezera, kukapukuta pa nsanza, kukabwezera, n'kukasololanso kuti ndione pamene oyilo wafika. Oyiloyo akada ndinkamukhetsa n'kuthira watsopano. Zimenezi ndinkazidziwa ngati njira ya kwathu.

Chaka chimene ndikunenachi mayi aja anatisiyira manijala watsopano, bambo wa nsapato zonyezimira amene ankadutsa pa kapinga ngati akuopa kuti amuluma. Inali nthawi ya mvula, udzu ukukula ngati wotumidwa, ndipo Loweruka pa bwalo lathu panali ukwati. Lachiwiri ndinapita ku ofesi kukanena kuti oyilo wada, pakufunika watsopano ndisanayambe kutchetcha.

"Musavutike, madala," anatero manijala. "Alamu anga abwera mawa. Za injini tiwasiyire eni ake."

Alamu akewo ndinkawadziwa. Anali makaniko wa injini za maboti pa doko la kumudzi, ndipo pa ntchito imeneyo sindingawanyoze. Asodzi ankawalumbirira. Injini yomira m'madzi ankaimasula pa thumba la feteleza, pofika madzulo n'kumalira. Vuto lawo linali limodzi: kwa iwo injini zonse za pa dziko lapansi zinali za boti. Injini zimene iwo ankakonza zilibe mphika. Oyilo amathiridwa m'chigubu momwe muli petulo, n'kukhutchumula, basi.

Anafika Lachitatu pa kabaza, atanyamula chigubu ndi kapaipi, malaya akununkha usipa wa dzana. Anazungulira kathirakitala kawiri, n'kumenya tayala ndi phazi. Ine mtima unandiwawa ngati amenya mwendo wanga.

"Kodi ndi kameneka mukuti kakufuna oyilo wa payekha?" anafunsa. "Madala, anthu ogulitsa makinawa amakupusitsani. Injini ndi injini. Ine ndamasula injini kuchokera kuno mpaka ku Chipoka."

"Achimwene, iyi ndi yosiyana," ndinatero. "Oyilo wake amakhala mumphika pansipa. Mukamuchotsa, zitsulo zikhulana zouma."

"Zouma bwanji, oyilo ali m'petulo?"

Anagwada, n'kumasula bawuti ya pansi. Oyilo wakuda anatsikira m'beseni, ndipo anati apita naye kuti akapake mitengo ya thandala lawo loyanikira nsomba, chiswe chisadye. Kenako analowetsa kapaipi mu thanki, kuyamwa ndi pakamwa kuti akhetse petulo wanga wabwinobwino, n'kulavulira pa kapinga. Analavula katatu. Malovu osakanikirana ndi petulo ndi fodya, pa kapinga amene ndinamudzala ndi manja anga. Ndinayang'ana kumbali.

Ndinayesanso kachiwiri, tsopano kwa manijala. "Bwana, chonde, tiyambe tathira oyilo mumphikamo."

Manijala anandiyang'ana kuyambira ku mabutsi mpaka ku chipewa. "Madala, inu sukulu ya umakaniko munaphunzira kuti?"

Amayi awiri ochapa amene ankayanika mashiti pafupi anaseka. Sanaseke mwachipongwe, anangoseka poti bwana walankhula choseketsa. Koma ine manyazi anandigwira mpaka m'makutu. Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu, ndinadziuza choncho. Uyu ndi mlamu wa bwana, ndiponso pa gombe lonse lino palibe amene amamutsutsa pa za injini. Ine ndine yani, wotchetcha udzu? Ndinatseka pakamwa.

Makaniko anakhutchumula chigubu chake n'kundipatsa. "Thirani, madala, muphunzireko."

Ndinathira mu thanki. Petulo wake anali wobiriwira ngati madzi a m'chithaphwi. Ndikukumbuka kuti ndinathira mosamala, osataya ngakhale dontho, ngati kuti kusamalako kukanathandiza kanthu. Ndinakwera pa mpando, n'kupotoza kiyi.

Injini inalira. Kumbuyo kunatuluka utsi wabuluu, fungo lenileni la pa doko maboti akamabwera m'mawa.

"Mwamva?" anakuwa makaniko. "Ikuimba! Pitani, madala, pitani!"

Ndinatsitsa mipeni n'kuyamba mzere woyamba. Mumtima ndinkati ndikafika kuseri kwa khitchini ndizimitsa. Koma manijala anaima pakati pa bwalo, manja m'thumba, maso ali pa ine, ndipo nditafika kuseriko ndinangokhota n'kubwerera. Mzere wachiwiri kutentha kunayamba kundiwotcha m'ntchafu. Mzere wachitatu ndinamva kugogoda mkati, poyamba pang'ono, kenako ngati munthu akumenya mpoto ndi supuni. Dzanja langa linali pa kiyi. Sindinaipotoze. Kenako khoo! Zii. Fungo la chitsulo chopserera linandilowa m'mphuno.

Makaniko anabwera, n'kuyesa kuzunguza injini ndi dzanja. Inali itagwirana, gwa.

"Yanoka, yafa basi," anatero akupukuta manja pa thalauza. "Inali yotha kale iyi. Mwina kayendetsedwe." Anamangirira beseni lake la oyilo pa kabaza n'kumapita.

Madzulo omwewo manijala ananditulutsira chikwakwa m'sitolo. Lachinayi ndinatchetcha kuyambira m'mawa. Dzuwa lisanafike pamutu msana unandigwira, ndipo ndinagona pansi pa mtengo wa mango ngati thumba. Manijala anaitana amuna anayi a kumudzi, n'kumaliza bwalo lonse tsiku limodzi. Ukwati unachitika bwinobwino. Ine nyimbo zake ndinazimvera kunyumba, ndili chafufumimba pa mphasa, akazi anga akundithowa ndi madzi otentha.

Sabata yotsatira anandiitana ku ofesi. Mayi mwini loji anali pa foni, ndipo manijala anaikweza mawu n'kuiika pa tebulo. Usiku wonse ndinali nditakonza zonena: za mlamu, za chigubu, za beseni. Ndinanena zonse, manijala ali pomwepo. Mayiwo anamvetsera osandidula. Za mlamuyo anati athana nazo okha ndi manijala. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Bambo, amene ankasintha oyilo zaka zonsezi ndani?"

"Ndine, mayi."

"Ndiye munkadziwa kuti mumphika mulibe kanthu?"

"Ndinkadziwa."

"Munkadziwanso chimene chichitike?"

"Eya, mayi."

"Nanga munailiziranji?"

Ndinayang'ana foniyo. Ndikanati chiyani? Kuti amayi ochapa anaseka? Kuti munthu wa nsapato zonyezimira anandifunsa za sukulu?  Pamapeto mayiwo anapuma mpweya n'kunena kuti injini ina sangaigule msanga, kuti udzu azitchetcha aganyu, ndipo kuti sakufuna kundiona nditapunduka ndi chikwakwa. Analankhula mwaulemu, monga mwa masiku onse. Kumapeto kwa mwezi ndinasiya ntchito.

Makaniko uja akadali pa doko, ndipo asodzi akumulumbirirabe. Manijala anakhala chaka china n'kuchoka yekha. Anthu akandifunsa chimene chinandichotsa pa loji ndimawauza za mlamu wa bwana ndi petulo wake wa boti. Amagwira pakamwa, amatukwana mbuli zodziyesa akatswiri, amati madala munalakwiridwa. Ndimavomera ndi mutu, ndipo ndikafika kunyumba ndimanyansidwa. Makaniko uja sankadziwa chimene akuchita. Pa anthu onse amene tinaima pa kapinga tsiku lija, wodziwa ndinali ine ndekha, ndipo ndinatchetcha mizere itatu.