Unkhoswe wa pa Msewu wa 31

Tinanyamuka ku South Bend Loweruka m'mamawa, mphepo ya Epulo ikadaluma makutu. M'minibasi ya koleji tinalimo awiri, ine pachiwongolero, Kochi Warren pambali atafumbata kapu ya khofi ngati akuwotha mbaula. Ntchito yanga patimu ya basiketibolo ndi kuchapa mayunifolomu ndi kuyendetsa galimoto. Za masewerawo ndimangodziwa kuti mpira ukalowa m'kadengu kaja anthu amakuwa. Tsikuli ananditenga pa chifukwa china. Mmodzi mwa anyamata awiri amene tinkakawaona ku Indianapolis anali mwana wa Amalawi.

Titadutsa Plymouth, minda ya chimanga ili mbee kudikira mbewu, kochi anandiyalira nkhani yonse. Timu inatsala ndi sikolashipu imodzi yokha, malo a mnyamata mmodzi woti aphunzire osalipira kwinaku akusewera. Oyenera malowo anali awiri. Woyamba anali Darnell, wa zaka makumi awiri ndi zitatu, amene anali atasewera kale m'makoleji awiri ndipo ankafuna kosamukira kuti amalize chaka chake chotsiriza. Wachiwiri anali Takondwa Chimwala, amene anzake amamutchula TK, womaliza sekondale chaka chomwecho.

"Darnell angandiwinitse chaka chino," anatero kochi. "Ndipo ndikapanda kuwina chaka chino, akuluakulu andionetsa msewu. TK akufunika zaka ziwiri kuti akhwime. Akadzakhwima, koleji yaikulu idzamukopa."

Kwathu timati kuweta nkhuku ya mnzako. Ndinafunsa kuti iyeyo mtima wake uli pa uti.

"Lolemba ndimafuna Darnell. Lachitatu ndimafuna TK. Lero sindikudziwa."

Ku Kokomo tinaima kuthira mafuta. Ndinagula sangweji ya nyama ya nkhumba ya madola asanu ndi atatu, ija anthu a ku Indiana amainyadira. Nyamayo inali yotambalala ngati mbale, koma kabanzi kake kokwana m'dzanja la mwana, moti sindinadziwe poyambira kuluma. Mayi wogulitsa ataona majekete athu a timu anafunsa kumene tikupita, kochi n'kuulula zonse. Ku Indiana aliyense ndi kochi.

"Tengani wamkuluyo," anatero mayiyo. "Ana amalira akasowa amayi awo."

Nkhalamba ina imene inali kumbuyo kwathu ndi katoni ya mkaka inatsutsa. "Tengani mwana. Wamkulu amabwera ndi makhalidwe a nyumba za eni."

Tinawasiya akukangana okha.

Darnell tinakumana naye dzuwa lisanafike pamutu pakati pa mzinda wa Indianapolis, m'kalesitilanti koyandikana ndi zipatala. Tinamupeza atafika kale, ali ndi kamwana kake kakakazi kamene kankapaka jamu patebulo. Iye ndi kochi analankhula za bondo lake, za masewero amene ine sindinawamve, ndi za kochi wake wakale amene anachotsedwa ntchito, wolowa m'malo n'kubwera ndi anyamata ake. Ine ndinkangoyang'ana pansi pa tebulo. Darnell anali atakoleka lamba wa chikwama chake kumwendo, ndipo sanamasule mpaka titatsanzika.

Kakolekedwe kameneko ndimakadziwa. Mayi atamwalira ndinayenda nyumba za abale, uku mwezi, uku miyezi iwiri, agogo asananditenge ku Nathenje. Nyumba iliyonse ndinkagona jumbo la zovala lili kumutu. Ndinabwera ulendowu ndikudziwa kuti ndili mbali ya mwana wa kwathu, koma ndinatuluka m'lesitilantimo mutu utasokonezeka.

"Mukandiitana, yankho langa ndi inde," anatero Darnell pakhomo. "Koma koleji ina ikudikira mawu anga madzulo ano. Musandisiye m'malere."

Kochi analonjeza kumuimbira dzuwa lisanalowe.

Masana tinapita kuholo ina cha ku Lafayette Square, kuseri kwa masitolo a anthu obwera, kumene timu ya TK inkasewera. Pakhomo ankalipiritsa madola khumi. TK ndinamuzindikira msanga, wamtali ngati mlongoti, miyendo ngati bango. Ankathamanga n'kudumpha mochititsa kaso, kenako n'kupatsira mpira munthu wa timu ina ngati mphatso. Kochi ankati akamwetulira, posakhalitsa wagwira mutu. Wezulo inkalira pamene ine sindinaone cholakwa, n'kukhala chete pamene munthu wagwetsedwa chagada. TK atagoletsa chakutali, nthungululu inamveka kuchokera m'mipando yakumwamba, azungu onse n'kutembenuka. Anali Mayi Chimwala ndi anzawo a kutchalitchi.

Masewero atatha anatiitanira kwawo ku Beech Grove, kanyumba ka njerwa komwe pakhomo pake panali nsapato zambiri. Mayi Chimwala, amene ndi namwino, anali ataphika mpunga ndi nkhuku asanapite kuholo. Bambo Chimwala anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kundikhazika pakati pa iwo ndi kochi.

"Achimwene, Mulungu ndi wabwino. Ndiye kuti inu ndinu ankhoswe athu pankhaniyi."

Ndinaseka poganiza kuti ndi nthabwala. Iwo sanaseke.

Titadya, kochi anayamba kuyamikira TK, kutalika kwake, liwiro lake, ndi mtima wake wosakwiya msanga. Bambo Chimwala anapukusa mutu n'kuyankha m'Chingerezi chomveka bwino.

"Uyu? Uyu sadziwa kanthu. Ndi mwana. Kudzuka mpaka timugwedeze. Mbale satsuka. Mukamutenga mukayambire pansi kumuphunzitsa."

Ine ndinamva bambo amene akupereka mwana wake mwaulemu, monga amachitira makolo popereka mkwatibwi, kuti olandira asadzati munatinamiza. Nditacheuka ndinaona nkhope ya kochi itagwa ngati ya munthu wogula galimoto amene mwini wake wamuuza kuti injini imavuta m'mawa.

Komabe kochi analimba mtima. Ananena kuti malo alipo amodzi, ndipo ngati banja lili lokonzeka, akufuna kumva lero.

"Tamva," anatero Bambo Chimwala. "Tathokoza. Tiwauze kaye amalume ake ku Mitundu, kenako tidzakuyankhani."

Kochi anandinong'oneza: "Malumeyo ndi ejenti wake, womuyendetsera za mpira?"

Ndinati ayi, ndi mlimi wa fodya. Zimenezi sizinathandize. Kochi anatembenukira kwa TK, amene anali atakhala pakampando pafupi ndi khomo, n'kumufunsa maganizo ake. Mnyamata amene ankakuwa m'bwalo muja anayang'ana makapeti.

"Whatever Dad says."

Tinatsanzika dzuwa litapendeka. Mayi Chimwala anatilongedzera zitumbuwa m'pepala, nkhope ili ngwee ngati zonse zatheka.

Titafika ku Westfield ndinaona kuti kochi wataya mtima pa TK. Ine ndimachedwa kutsegula pakamwa, ndi chibadwa changa, koma pamenepa ndinaona kuti kukhala chete kupweteketsa mwana.

"Kochi, anthu aja avomera."

"Anena inde?"

"Ayi."

"Ndiye avomera bwanji?"

Ndinafotokoza kuti kwathu nkhani yaikulu savomera tsiku lomwelo. Amene wavomera msanga amaoneka ngati mwanayo anali atamutopetsa. Ndinati kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mlongo wa mayi ndiye mwini mbumba. Ndinatinso zija za mbale ndi ulemu chabe.

"Ndiye mbale amatsuka?"

"Mwina satsukadi."

Kochi anatseka maso.

Titafikanso ku Kokomo ndinaima pamalo omwe aja n'kuimbira Bambo Chimwala. Ndinawauza mosabisa kuti pali mnyamata wina, ndipo nkhani ithera lero.

"Lero lomwe? Achimwene, kodi tikugulitsa mbuzi?"

"Bambo, kunotu amatero. Mungonena kuti inde, amalume muwauza mawa."

"Ndiwadumphe alamu anga? Akadzamva kuti mwana tasainitsa iwo osadziwa, ine ku Mitundu ndidzaponda bwanji? Taimba kale kawiri, sikulowa. Kumudzi pano ndi usiku, ndipo foni amakatchajitsa kugolosale. Muwapange explain bwinobwino azunguwo, ndinu ankhoswe."

Ndisanabwerere m'galimoto, foni inanjenjemera. Unali uthenga wa TK: "Uncle please tell coach ndikufuna. I really do." Ndinauonetsa kwa kochi n'kumasulira liwu limodzi lija. Anauwerenga kawiri, foni ili m'manja mwake nthawi yaitali.

Tinapitirira. Dzuwa linali likutsikira kumanzere kwathu, kuseri kwa nkhokwe zazitsulo za alimi. Cha ku Peru kochi anandifunsa funso limene sindinkalifuna.

"Chifundo, iwe umaona zinthu. Ukanakhala iwe ukanatenga ndani?"

Dzina la TK linali pamlomo. Nthungululu ija inali ikadali m'makutu, zitumbuwa zikununkhira pampando wakumbuyo. Koma ndinaonanso lamba wa chikwama uja kumwendo kwa Darnell. TK akalephera kuno ali ndi nyumba yodzaza nsapato pakhomo. Nanga ndiye mwana ataye malo chifukwa choti ali ndi abale ambiri omukonda? Ndinayendetsa mtunda ndithu ndikusinkhasinkha, ndipo chimene chinatuluka n'chakuti, "Sindikudziwa, Kochi."

"Tili awiri," anatero.

Tisanalowe mu Rochester anandiuza kuti ndiime pambali pa msewu. Anatsika, n'kukaima pafupi ndi mpanda wa munda, jekete ikuwuluka ndi mphepo. Sindinamve mawu ake, koma atatsegula chitseko foni inali isanaduke, ndipo ndinamva kamwana ka Darnell kaja kakukuwa chifukwa choona bambo ake akukuwa ndi chimwemwe.

Mpaka lero sindidziwa chimene chinagamula. Kaya ndi amalume a ku Mitundu, kaya ndi mbale zosatsuka, kaya ndi mantha a kochi pa ntchito yake, kaya ndi "sindikudziwa" wanga uja. Mwina akanasankha Darnell ngakhale Bambo Chimwala akanavomera ndi ng'oma. Titalowa mu South Bend magetsi a m'misewu atayaka, ndinamufunsa, iye n'kungoti, "Undifunsenso chaka chamawa." Anati banja la TK aliimbira Lolemba.

Lamlungu m'mawa ndikukonzekera kutchalitchi, Bambo Chimwala ananditumizira uthenga wa mawu wochokera kumudzi. Kumbuyo kunkamveka mbuzi ndi wailesi. Amalume anayamba ndi moni wa aliyense, anadandaula za mitengo ya fodya, kenako anati, "Nkhani ya mwana wa mlongo wangayo tamva. Palibe choletsa. Mwanayo tawapatsa, akamusunge bwino." Pansi pake Bambo Chimwala analemba kuti, "Ankhoswe, kafikitseni mawu."

Ndinakhala pabedi tayi ili m'manja. Ulendowu unandiphunzitsa kuti anthu awiri akhoza kulankhulana Chingerezi chomveka, aliyense mwaulemu wake wonse, osamvana ngakhale pang'ono, ndipo woikidwa pakati asathandize kanthu. Koma unkhoswe ndinali nditaulandira pamene ndinadya nkhuku ija, ndipo nkhoswe satumiza mawu owawa pafoni ya mlendo. Ndinauza kochi kuti asawaimbire kaye. Ndinavala tayi ija, ndinathira mafuta m'kagalimoto kanga, n'kulowanso msewu wa 31 kulunjika ku Beech Grove, ndikuyeseza njira yonse mawu oyambira, osawapeza.